Kodi tingapite ku Cádiz ndi amayi athu ovutika mawondo?

FUNSO: "Zikomo akatswiri. Ndine mayi wa ku Malawi, ndipo ndimagwira ntchito ya unamwino mumzinda wa Leeds kuno ku Britain. Ine ndi bambo a kunyumba kwathu takhala tikusunga ndalama kuti tikapume masiku 5 ku Spain m'mwezi wa Meyi, ndipo mnzanga wina wa kuntchito watiuza kuti tisapite ku Barcelona koma ku Cádiz. Ife dzinali talimva kumene. Amayi anga, omwe ali ndi zaka 68, akubwera kuchokera ku Zomba mu Epulo kudzationa, ndipo tikufuna kupita nawo. Iwo ali ndi matenda a shuga komanso amavutika mawondo. Kodi mzindawu uli ndi zinthu zoti munthu n'kuona masiku onsewo? Nanga amayi angathe kuyenda? Chisipanishi sitichidziwa, mapasipoti athu tonse ndi a Malawi, ndipo tili ndi kankhawa ka mmene angatilandirire ife anthu akuda."

YANKHO: Zikomo kwambiri, mayi, chifukwa cha kalata yanu, ndipo mtima wanu ukhale m'malo popeza mnzanuyo sanakusocheretseni. Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza mabanja kukonza maulendo a kummwera kwa Spain, Cádiz ndi umodzi mwa mizinda yochepa imene ndimalimba mtima kutumizako munthu wachikulire wovutika miyendo, chifukwa ndi waung'ono, ulibe zitunda, ndipo zinthu zofunika kuona zili moyandikana. Anthu okhalamo ndi pafupifupi 110,000 basi. Chigawo chake chakale chili kunsonga kwa kamtunda kakatali kopyapyala kolowa m'nyanja ya Atlantic, moti madzi achizungulira pafupifupi mbali zonse, ndipo munthu wamphamvu zake amachidutsa wapansi kuchokera kugombe lina kukafika ku linzake m'mphindi 20 kapena 25. Barcelona ndi wokongola ndithu, koma ndi wamkulu, wodzaza alendo komanso wokwera mtengo, ndipo tsiku limakutherani muli m'masitima apansi panthaka ndi pamizere ya matikiti. Ku Cádiz kulibe chinyumba chimodzi chotchuka padziko lonse choti mukajambulitsepo n'kubwerera. Chokaona kumeneko ndi mzinda weniweniwo, timisewu take, makoma ake ndi nyanja yake, ndipo zimenezi zimaoneka bwino kwa munthu woyenda pang'onopang'ono, monga mmene amayi adzakuyendetsereni.

Tisanafike ku zokaonazo, pali nkhani imodzi imene ingagwetse ulendo wonse mukaichedwetsa, ndiyo viza. Chilolezo chanu chokhalira ku Britain sichikutsegulirani khomo la Spain. Munthu wa pasipoti ya Malawi amafunika viza ya Schengen, yomwe ndi yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Spain, ndipo inu ndi amuna anu, pokhala nzokhazikika ku Britain, mungaipemphe komweko. Amayi ndiye nkhani ina. Lamulo limati munthu apemphe viza imeneyi kudziko limene amakhala mokhazikika, ndipo iwo akafika ku Leeds adzakhala alendo odzacheza chabe, moti kawirikawiri mafomu a munthu wotere sawalandira n'komwe. Ndaonapo banja litagula kale matikiti a ndege a anthu anayi, n'kudzamva zimenezi kwatsala milungu iwiri. Choncho viza ya amayi ipemphedwe iwo asananyamuke kumudzi. Lemberani ofesi ya kazembe wa Spain ya ku Harare, yomwe imayang'aniranso Malawi, kuti akuuzeni kumene mafomu a anthu okhala ku Malawi amaperekedwa pakali pano. Muonetsetsenso kuti viza yawo ya ku Britain ndi yowalola kulowa kangapo, chifukwa akatuluka kupita ku Spain adzafunika kulowanso.

Mafomu a viza amawalandira kuyambira miyezi 6 ulendo usanachitike, ndipo yankho limatenga masiku 15, koma nthawi zina limafika masiku 45. Mtengo wake kwa munthu wamkulu ndi mayuro 90 kuchokera mu 2024, kuphatikizapo kandalama kena ka ofesi yolandira mafomu. Amafuna pasipoti yokhala ndi masamba awiri osalembedwa, yomwe idzakhalebe ikugwira ntchito miyezi 3 mutachokako, inshulansi ya zachipatala ya mayuro osachepera 30,000, umboni wa kumene mudzagone, ndi zikalata za kubanki zosonyeza kuti muli ndi ndalama zodzisamalira, zomwe ku Spain zimapitirira mayuro 100 pa munthu patsiku. Chovuta kwambiri masiku ano ndi kupeza tsiku lokaonekera, ndipo n'chifukwa chake pabuka anthu ogulitsa masiku amenewa pa WhatsApp. Musawapatse ndalama zanu kapena chithunzi cha pasipoti yanu.

Kapitidwe kake n'kosavuta. Bwalo la ndege lapafupi lili ku Jerez de la Frontera, koma ndege zochokera ku Britain zimapezeka mochuluka ku Sevilla, ndipo kuchokera pasiteshoni ya Santa Justa mumzindawo sitima yapamtunda imakakutsitsani ku Cádiz pakatha pafupifupi ola limodzi ndi mphindi 40. Siteshoni ya ku Cádiz ili pakhomo penipeni pa chigawo chakale. Galimoto musabwereke, chifukwa timisewu ta kumeneko n'topapatiza, ambiri ndi a oyenda pansi okha, ndipo malo oimikapo ndi osowa. Mwezi wa Meyi mwasankha bwino: masana kumafunda cha m'madigiri 22 mpaka 25, chilimwe chowotcha cha Julayi ndi Ogasiti chimakhala chisanafike, ndipo dzuwa limalowa itapitirira 9 koloko usiku. Kungoti musanakhazikitse masiku, fufuzani sabata ya mpikisano wa njinga zamoto wa MotoGP ku Jerez, womwe umachitika cha kumapeto kwa Epulo kapena kuchiyambi kwa Meyi, komanso sabata ya chikondwerero cha mahatchi cha Feria del Caballo mumzinda womwewo, chifukwa nthawi zimenezi malo ogona a chigawo chonse amakwera mtengo.

Pa nkhani ya malo ogona ndili ndi maganizo amodzi okha: gonani m'kati mwa chigawo chakale, kuseri kwa chipata cha Puertas de Tierra, pafupi ndi bwalo la San Juan de Dios, la Mina kapena la San Antonio. Mahotela akuluakulu amakono ali kuchigawo chatsopano, m'mbali mwa gombe la Victoria, ndipo ngakhale zipinda zake n'zazikulu, mungamakwere basi m'mawa uliwonse, pomwe amayi amafunika malo oti akatopa masana abwerereko m'mphindi 10 n'kukagona. Vuto la nyumba zakalezo ndi masitepe. Zambiri zinali nyumba za amalonda za nsanjika zitatu kapena zinayi, ndipo si zonse zili ndi chikepe. Musangodalira zimene zalembedwa pa intaneti. Alembereni eni ake mafunso awiri: ngati chikepe chimafika pa nsanjika ya chipinda chanu, ndiponso ngati m'bafa muli shawa yolowa mosadumpha kanthu. Pemphaninso chipinda choyang'ana kubwalo la m'kati mwa nyumba, chifukwa anthu a ku Cádiz amacheza mumsewu mpaka pakati pa usiku.

Tsopano zokaona. M'mawa woyamba yambirani pa nsanja ya Torre Tavira, yomwe pamwamba pake m'potalika mamita 45 kuchokera pa madzi a nyanja, ndipo mu 1778 inasankhidwa kukhala nsanja ya mlonda wa doko. Ndimauza aliyense kuyambira pamenepa chifukwa mzindawu sumveka bwino usanauone kuchokera pamwamba. Mudzaona madenga oyera afulati ali waa, ndipo pakati pawo pali tinsanja toposa 100 timene amalonda ankamanga pamwamba pa nyumba zawo kuti aziona zombo zawo zikubwera kuchokera ku America. M'nsanjamo muli chipinda chamdima momwe galasi loikidwa padenga limagwetsera chithunzi cha mzinda pa chimbale choyera chachikulu. Anthu amaima mozungulira chimbalecho, wofotokoza n'kumachikweza ndi kuchitsitsa, ndipo mumaona zimene zikuchitika panja nthawi yomweyo: mayi akuyanika zovala padenga, mbalame zikuuluka, mwana akuthamanga pabwalo la msika. Amalowetsa anthu ochepa pa nthawi imodzi, choncho sungitsanitu malo. Komatu nsanjayi ilibe chikepe ndipo masitepe ake ndi ambiri, ndiye amayi asakwere. Bwalo la maluwa la Plaza de las Flores lili pafupi kwambiri, ndipo mmodzi wa inu angakhale nawo pamenepo akumwa tiyi, kenako n'kusinthana.

Tinsanja timeneto ndi chizindikiro cha nthawi imene mzindawu unalemera. Christopher Columbus ananyamukira pano pa ulendo wake wachiwiri wopita ku America mu 1493 ndi wachinayi mu 1502, koma chuma chenicheni chinabwera mu 1717, pamene ofesi ya mfumu yoyang'anira malonda onse a ku America, Casa de Contratación, inasamutsidwa kuchoka ku Sevilla kubwera ku Cádiz. Nyumba zambiri zimene mudzaone zinamangidwa m'zaka za m'ma 1700 ndi ndalama za siliva, fodya, shuga ndi koko. Poyenda, muziyang'ana m'munsi mwa makoma. Mwala wofiirira umene anamangira anausema m'mphepete mwa nyanja momwemo, ndipo mukauyandikira mudzaona zigoba za nkhono zili m'kati mwake, zina zathunthu, moti mungazikhudze ndi chala. M'makona a misewu yambiri anakwiriramo mizinga yakale choimirira kuti ngolo zisamagumule makoma pokhota. Ndinene chilungamo kuti m'chuma chimenechi munalinso malonda a akapolo. Mumzindamu munali akapolo ochokera ku Africa, amalonda ena a pano anapitiriza kutumiza anthu ku Cuba m'zaka za m'ma 1800, ndipo pafupi ndi doko pali kanjira kotchedwa Callejón de los Negros. Oongolera alendo ambiri nkhani imeneyi amaidumpha, koma mukawafunsa, odziwa ntchito yawo amayankha.

Mbiri ya mzindawu inayamba kalekale Aspanishi asanatchulidwe n'komwe. Anaukhazikitsa ndi Afoinike ochokera ku Turo, mzinda womwe uja amayi amauwerenga m'Baibulo, ndipo anautcha Gadir. Olemba akale amati zinachitika cha m'ma 1100 Khristu asanabadwe, ngakhale kuti zinthu zofukulidwa pansi zimayambira cha m'ma 800. Mulimonsemo, uli m'gulu la mizinda yakale kwambiri ya kumadzulo kwa Ulaya imene anthu sanasiyepo kukhalamo. Malo abwino oonera zimenezi ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Museo de Cádiz pabwalo la Mina. Pansi pake pali mabokosi awiri a maliro a mwala woyera wa mabo, osemedwa ngati munthu wogona: la mwamuna wandevu linapezeka mu 1887, ndipo la mkazi wogwira kabotolo ka mafuta onunkhira linapezeka mu 1980. Pamwamba pali zithunzi za Francisco de Zurbarán zochokera kunyumba ya ansembe ya ku Jerez. Mtengo wolowera ndi wochepa kwambiri, muli mabenchi, ndipo bwalo la panja lili ndi mitengo ya mthunzi, choncho kwa amayi awa ndi malo abwino koposa. Lolemba amatseka, monga zimachitira nyumba zambiri zoterezi ku Spain, ndiye ngati Lolemba lili m'masiku anu, lisungireni kugombe ndi ulendo wa pamadzi.

Kufupi ndi tchalitchi chachikulu kuli dera la El Pópulo, lakale kwambiri pa madera onse, lolowera pa zipata zitatu za m'zaka za m'ma 1200. M'menemo muli bwalo la zisudzo la Aroma, lomangidwa m'zaka 100 zomaliza Khristu asanabadwe, pamene mzindawu unkatchedwa Gades, ndipo linakhala lokwiririka pansi pa nyumba za anthu mpaka 1980. Kulowa n'kwaulere ndipo theka la ola likukwanirani. Tchalitchi chachikulucho anayamba kuchimanga mu 1722 n'kudzachimaliza mu 1838, zaka 116, chifukwa ndalama za ku America zinaphwera panjira, ndipo kusiyana kwa mwala wa m'munsi ndi wa pamwamba kumaoneka ndi maso. Ine m'kati mwake simundigwira mtima kwenikweni, ndi mwamukulu koma mozizira. Chimene ndimakonda ndi chipinda cha manda cha pansi, chozungulira, chadenga lofupika, momwe mawu ako amabwerera ngakhale ukunong'ona, ndipo ndi mmene anaika Manuel de Falla, wopeka nyimbo wobadwira mumzinda uno mu 1876. Nsanja ya tchalitchichi amakwera pa njira yotsetsereka yozungulira m'malo mwa masitepe, moti amayi atadzuka bwino angayese, bola akumbukire kuti mawondo amawawa kwambiri potsika. Chithunzi chotchuka cha denga lachikasu ndi nyumba zoyang'ana kunyanja mudzachijambulira pa msewu wa Campo del Sur, kuseri kwa tchalitchi, madzulo dzuwa litapendeka.

Tsiku lachiwiri mulipereke ku chaka cha 1812, chomwe anthu a ku Cádiz amachinyadira kuposa china chilichonse. Asilikali a Napoleon atalanda pafupifupi dziko lonse la Spain, anazinga mzindawu kuyambira 1810 mpaka 1812 koma analephera kulowa. Aphungu a nyumba ya malamulo, ena ochokera kumaiko a America amene ankalamulidwa ndi Spain, anasonkhana m'katchalitchi ka Oratorio de San Felipe Neri, ndipo pa 19 Marichi 1812 analengeza malamulo oyendetsera dziko onena kuti ulamuliro ndi wa mtundu wa anthu, osati wa mfumu yokha. Mfumu Fernando VII itabwerera mu 1814 inawathetsa, komabe anakhala chitsanzo kumaiko ambiri. Malamulowo sanathetse ukapolo, ndipo anthu a magazi a ku Africa sanawapatse unzika mofanana ndi anzawo, nkhani imene zikwangwani za pakhoma sizinena mokweza. Katchalitchiko n'kozungulira ngati dzira, kali ndi makonde a m'mwamba momwe anthu wamba ankamvetsera zokambirana, ndipo paguwa pali chithunzi cha Bartolomé Esteban Murillo. Khomo loyandikana nalo ndi la Museo de las Cortes, momwe muli kachifanizo ka mzinda wonse kosemedwa ndi matabwa ndi minyanga ya njovu pakati pa 1777 ndi 1779. Mukayang'anitsitsa mudzapezamo msewu wa hotela yanu, chifukwa misewu yambiri sinasinthe.

Ngati m'banjamo muli wokonda zojambula, katchalitchi ka Santa Cueva kali ndi zithunzi zitatu za Francisco de Goya, ndipo ndi komwe anapempha Joseph Haydn kupeka nyimbo za mawu asanu ndi awiri omaliza a Yesu pamtanda. Ngati palibe, dumphani, musadzikakamize.

Madzulo aliwonse akupezeni kunyanja. Msewu wa Alameda Apodaca, womwe uli ndi mitengo ikuluikulu ya mtundu wa kachere ndi mabenchi a matailosi, umakulowetsani m'munda wa Parque Genovés, n'kukakutulutsani pa gombe laling'ono la La Caleta. Njira yonseyi ndi yosalala ndipo mipando ili ponseponse. Gombeli lili pakati pa malinga awiri. Mngerezi Francis Drake anatentha zombo padoko la mzindawu mu 1587, ndipo mu 1596 Angerezi ndi Adatchi anaulanda n'kuuwotcha, zimene zinachititsa mfumu kulamula kuti amange linga la Santa Catalina, lomwe lili kudzanja lamanja mukayang'ana kunyanja. Kumanzere kuli la San Sebastián, loyambika mu 1706, lofikika pa kamsewu kakatali ka miyala kodutsa pamadzi. Kamsewuko kalibe mthunzi ndipo mafunde akakwiya amakakwera, choncho amayi akhale pakhoma la gombe aziona mabwato a asodzi pamene inu mukupita. Kuseri kwa gombeli kuli dera la asodzi la La Viña, lomwe linamizidwa ndi mafunde pa 1 Novembala 1755, tsiku la chivomerezi chimene chinagwetsa Lisbon. Eni dera amasimba kuti madzi anaima pamene wansembe anatulutsa mbendera ya Mayi Maria wa tchalitchi cha La Palma, ndipo amakumbukirabe tsikuli chaka ndi chaka.

Chinthu chimene mabuku a alendo sachitchula mokwanira ndi mphepo. Ya kum'mawa, yotchedwa levante, ndi youma, yotentha ndiponso yamphamvu, ndipo ikayamba imatha kuomba masiku angapo, monga mwera uvutitsira asodzi pa nyanja ya Malawi. Ikamaomba, mchenga wa pa gombe lalitali la Victoria umaluma miyendo ndi kulowa m'maso, pomwe La Caleta amatchingidwa ndi nyumba za mzinda. Ya kumadzulo, poniente, ndi yozizira ndi yachinyezi, ndipo madzulo mudzafuna juzi ngakhale masana kunatentha. Ndiye musakhomerere kuti tsiku lakutilakuti ndi la kugombe. Onani zanyengo m'mawa, levante ikakula mupite m'nyumba zosungiramo zakale, ikaleka mupite kunyanja. Madzi a Atlantic mu Meyi amakhala akadali ozizira, ndipo nyanjayi imadzaza ndi kuphwa kawiri patsiku, choncho zikwama musazisiye pafupi ndi madzi. Mbendera yofiira pagombe imatanthauza kuti musalowe m'madzi m'pang'ono pomwe.

Inu pokhala namwino mudzamvetsa msanga chifukwa chimene ndikutsindikira nthawi ya chakudya. Ku Spain nkhomaliro imayamba cha m'ma 2 koloko masana, ndipo malo odyera ambiri satsegula khitchini ya madzulo 8 koloko isanakwane, ena mpaka 9 koloko. Pakati pa 4 koloko ndi 8 koloko mungayende msewu wonse osapeza chakudya chophika. Kwa munthu wa shuga amene anazolowera nsima ya 12 koloko ndi ya 6 koloko, zimenezi si zachibwana. Njira yabwino ndi kusandutsa nkhomaliro kukhala chakudya chachikulu cha tsiku, kuyenda ndi zipatso ndi buledi m'chikwama, ndi kusankha malo ogona okhala ndi kakhitchini kapena firiji, kuti amayi adye madzulo pa nthawi yawo. Masitolo ang'onoang'ono amatsekanso masana mpaka cha m'ma 5 koloko, ndiye inunso muzipuma nthawi yomweyo. Tsiku la ku Cádiz lili pawiri, kuyambira 10 koloko mpaka nkhomaliro, kenako kuyambira 6 koloko mpaka dzuwa kulowa, ndipo amene amayesa kuyenda tsiku lonse amafika tsiku lachitatu atatheratu.

Chakudya chake ndi nsomba. Pitani m'mawa ku Mercado Central, msika womangidwa mu 1838, koma osati Lamlungu pamene n'kotseka, kapena Lolemba pamene nsomba zimachepa. Meyi ndi nyengo ya tuna wamkulu wogwidwa ndi makoka a almadraba m'magombe a chigawochi, ndipo mudzaona ogulitsa akudula minofu yofiira ngati ya ng'ombe. Nsomba zokazinga, pescaíto frito, amazikulunga m'pepala lopindidwa n'kumadya ndi manja. Mulawenso tortillitas de camarones, timikate topyapyala tokhofoka ta ufa wa tirigu ndi wa tchana tokhala ndi tinkhanu ting'onoting'ono ta m'nyanja, ndiponso cazón en adobo, yomwe ndi shaki waung'ono woviikidwa m'viniga ndi zokometsera. Zonsezi ndi zamafuta, choncho kwa amayi muziitanitsa nsomba yootcha pachiwaya, pomwe mawu ake ndi a la plancha, pamodzi ndi saladi kapena mbatata ya kachewere yothira mafuta a olivi yotchedwa papas aliñás. Ngati m'banja mwanu muli osadya nkhumba kapena zamoyo za m'nyanja zopanda mamba, lembani zimenezo m'Chisipanishi pa kapepala, chifukwa nyama ya nkhumba imabisala m'misuzi ndi m'ndiwo za nyemba zomwe. Mbale zimabwera m'misinkhu itatu, tapa (yaing'ono), media ración (yapakati) ndi ración (yaikulu), ndipo anthu atatu amakhuta ndi ma media ración anayi ogawana.

Pa masiku 5, loyamba ndi lomaliza amathera panjira, ndiye mwatsala ndi atatu athunthu. Awiri ndi a zimene ndafotokozazi. Lachitatu kwerani boti lonyamula anthu lochokera padoko kupita ku El Puerto de Santa María, ulendo wa pafupifupi theka la ola pa mtengo wochepa, womwe umakuonetsani mzindawu kuchokera pamadzi monga ankauonera amalinyero, komanso mlatho waukulu wa Constitución de 1812 wotsegulidwa mu 2015. Mphepo ikakula botilo siliyenda ndipo amaikapo basi. Jerez, komwe kuli sukulu yotchuka ya mahatchi ovina ndi mosungira vinyo, ili pa mtunda wa mphindi 40 kapena 45 pa sitima. Sevilla musayese kupita n'kubwerera tsiku limodzi ndi amayi. Ngati mukufunitsitsa kuuona, gonaniko usiku womaliza musanakwere ndege.

Za chinenero musade nazo nkhawa kwambiri. Chingerezi chimamveka m'mahotela ndi pamalo a alendo, koma pamsika ndi m'mabasi n'chochepa kuyerekeza ndi ku Málaga kapena Barcelona, ndipo anthu a kuno amalankhula mothamanga, akumeza mathero a mawu. Ikani pulogalamu yomasulira pafoni musananyamuke, ndipo muphunzire moni ndi zikomo, chifukwa munthu wolowa m'sitolo osapereka moni amamuona ngati wamwano. Pa funso lanu lomaliza ndiyankhe mosabisa. Cádiz ndi mzinda wa doko wozolowera alendo, anthu ake ndi ansangala ndi okonda nthabwala, ndipo mabanja akuda amene ndawatumizako amabwerako akusimba zabwino. Kukuyang'anitsitsani kungachitike, makamaka kwa achikulire, ndipo apolisi ku Spain ali ndi mphamvu yofunsa zikalata kwa mlendo aliyense, choncho muziyenda ndi mapasipoti m'kachikwama ka m'kati mwa zovala, zithunzi zake zili pafoni. Wina akakukanizani chinthu kapena kukuchitirani mwano m'sitolo kapena m'malo odyera, pemphani fomu ya madandaulo yotchedwa hoja de reclamaciones, yomwe lamulo limawakakamiza kukhala nayo. Opisa m'matumba alipo ochepa, ndipo amakonda pamsika ndi pabwalo la tchalitchi m'mawa umene zombo zikuluzikulu za alendo zakocheza.

Amayi akaonane ndi dokotala wawo asananyamuke ku Zomba, atenge mankhwala okwanira ulendo wonse ndi kalata yotchula mayina a mankhwalawo, ndipo zonsezi zikhale m'chikwama cha m'manja pandege. Pogula inshulansi muulule matenda a shuga ndi ena onse, chifukwa mukabisa, kampani idzakana kulipira pa tsiku limene mukuifuna. Nsapato zikhale zozolowera kale, zotseka zala, popeza misewu ina ndi ya miyala yosalingana, ndipo mapazi awo muziwaona usiku uliwonse. Chilonda cha paphazi chimene chikufiira kapena kutupa musachidikirire mpaka ku Leeds. Zing'onozing'ono angakuthandizeni pamalo ogulitsira mankhwala, omwe chizindikiro chawo ndi mtanda wobiriwira, koma mukaona kusokonezeka mutu, kukomoka, kupweteka pachifuwa, kubanika kapena mwendo umodzi kutupa atatsika ndege, imbani 112 nthawi yomweyo. Chipatala chachikulu cha boma ndi Puerta del Mar, chili pa msewu waukulu wa chigawo chatsopano, ndipo takisi imakafika m'mphindi zochepa.

Pa za ndalama, Cádiz sikudyerani zambiri pa matikiti olowera, chifukwa malo angapo ndi aulere ndipo ena ndi a mayuro owerengeka. Zambiri zidzathera ku ndege, malo ogona, maviza ndi inshulansi ya amayi, yomwe idzakhala yokwera chifukwa cha msinkhu ndi matenda awo. Kadi ya kubanki imagwira ntchito pafupifupi paliponse, koma khalani ndi timayuro tapamanja ta basi ndi ta pamsika. Dongosolo lake likhale lotere: lemberani a kazembe sabata ino, sungitsani hotela yolola kubweza ndalama mukasintha maganizo, ndipo tikiti ya ndege yosabweza ndalama musagule mpaka viza ya amayi itamatidwa m'pasipoti yawo. Viza ikachedwa, sunthirani ulendowo kumapeto kwa Seputembala kapena kuchiyambi kwa Okutobala ngati chilolezo chawo cha ku Britain chikulola, chifukwa nthawi imeneyo kutentha kumakhala kutachepa, madzi a m'nyanja amakhala ofunda kuposa a mu Meyi, ndipo mitengo ya mahotela imakhala itayamba kutsika.